Gulu la banja: za chifuwa cha agogo

Azakhali: Odi abale. Zotsatira za magazi a agogo zatuluka, akuti ndi TB. Tisachedwe, ayambe mankhwala.

Chisomo: Azakhali, anawayeza magazi okha? Makhololo ayi?

Azakhali: Magazi okha mwanangu. Anawabaya pamkono, patapita masiku tinakatenga pepala.

Chisomo: Pepani akuluakulu, ndilankhuleko ngakhale ndine mwana. Magazi sangatiuze ngati agogo akudwala TB panopa. Amangoonetsa kuti thupi linakumanapo ndi tizilombo take. Ndipotu pa anthu anayi alionse padziko lapansi, pafupifupi mmodzi analowedwapo ndi tizilomboti, koma ambiri sadwala n'komwe. Ngakhale njira yoyezera magazi yotchedwa QuantiFERON siisiyanitsa TB yogona ndi yomwe yadzuka.

Amalume: Ndiye pepala lija ndi labodza?

Chisomo: Zitengera kuti anayeza chiyani amalume. Ngati ndi kuja kofufuza ma antibody (asilikali a m'magazi olimbana ndi matenda), bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2011 kuti kusiyidwe. Kumanamiza mbali zonse: wodwala kumuuza kuti ali bwino, wabwinobwino kumuuza kuti akudwala. Mankhwala a TB ndi a miyezi 6, ndipo amatha kuvutitsa chiwindi. Pa msinkhu wa agogo si oyambira pongoganizira.

Mayi a Dalitso: Komatu chifuwacho chilipo achemwali. Ino ndi sabata yachitatu. Usiku ndimadzuka kukawasintha malaya, atanyoweratu ndi thukuta. Lamba wawo ndaboolaso bowo lina.

Chisomo: N'chifukwa chake akapereke makhololo. Makina a GeneXpert amapeza tizilombo tenitenito m'maola ngati awiri, amaonanso ngati tizilomboto sitikumva mankhwala a TB otchedwa rifampicin. Akawajambulenso pachifuwa.

Azakhali: Agogo anuwo kulavula pamaso pa anthu? Simukuwadziwa bwino.

Mayi a Dalitso: Zimenezo zisiyireni ine. Ndikatenga kabotolo kuchipatala mawa, akalavulire kuseri kwa nyumba m'mamawa.

Chisomo: Atsuke m'kamwa ndi madzi kaye, apume mwakuya, kenako atsokomole kuchokera m'kati mwa chifuwa. Malovu okha sathandiza.

Amalume: Lachinayi galimoto ndi yanga. Wokhala nawo pamzere ndani? Ine ndingokusiyani pageti, ntchito.

Azakhali: Ndipita ndine. Pepala lija ndilitenge?

Chisomo: Litengeni, adokotala alione. Ndipo Dalitso asagonenso chipinda chimodzi ndi agogo mpaka tidziwe, mazenera azikhala otsegula. Zikapezeka kuti ndi TB, nonse a m'nyumbamo mukayezedwa.

Amalume: Yamikani, ukungowerenga osayankha. Mafuta a galimoto ndi ako.

Yamikani: Ndamva amalume, nditumiza madzulo.