Tikupita ku London ndi mwana wa zaka 9, tiyambire pati?

Mayi a Tadala:
Abale, ndithandizeni nzeru. Sukulu ikatsekera tikupita ku London kukaona achemwali anga, ndipo Tadala tikumutenga. Bambo ake alemba kale malo oti tikafike: British Museum, Tower of London, Westminster Abbey, Natural History Museum, onsewa m'masiku ochepa amene tili nawo. Ine mtima uli m'mwamba. Mwanayu amakonda nyama ndi nkhani za mafumu, koma miyendo ikangoyamba kupweteka amakhala pansi paliponse, ndipo ukamuuza kanthu salabadiranso. Sindikufuna adzabwereko akungokumbukira mizere ndi kutopa. Inu amene munayendako ndi ana, tiyambire kuti? Nanga tisiye kuti?

NaPhiri:
Mayi a Tadala, poti mwati amakonda nyama, yambirani ku Natural History Museum, ku South Kensington. Kulowa ndi kwaulere. Mukangolowa pakhomo lalikulu mudzaona mafupa a namgumi atapachikidwa kudenga, otalika mamita 25. Namgumiyu anafera m'mphepete mwa nyanja ku Wexford, ku Ireland, mu 1891, ndipo anamupachika pamenepo mu 2017. Mwana wanga wamwamuna anaima pansi pake khosi lili chagada, kenaka anayamba kuwerenga nthiti ndi chala. Sindinamufulumize. Titakwera masitepe anakamuonanso cha kumbali, nkundifunsa ngati munthu angakwane m'kamwa mwake. Mulinso chipinda chomwe pansi pamagwedezeka potsanzira chivomezi cha ku Kobe cha mu 1995, ana safuna kuchokamo.

Langizo langa ndi loti malo akuluakulu muzipita amodzi patsiku, m'mawa, mwana atadya. Pa holide mizere imatalika, choncho bukitsiranitu nthawi yolowera pa intaneti. Pa basi ndi pa sitima ya pansi ana osakwana zaka 11 salipira akakhala ndi wamkulu wolipira.

Aphunzitsi Opuma:
Amayi, musasiye Westminster Abbey ngakhale kumalipiritsa. Koma musakayende naye manda ndi manda, mudzamutaya. Kamuimitseni pa mwala umodzi wokha, wapansi, pakati pa tchalitchi, pamene pagona David Livingstone. Nkhani yake mumufotokozere musananyamuke. Anamwalira mu 1873 m'mudzi wa Chitambo, ku Zambia ya lero. Mtima wake anaukwirira pansi pa mtengo komweko, ndipo antchito ake, Susi, Chuma ndi anzawo, anaumika thupi nkulisenza miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo, kunyanja yamchere. Anaikidwa ku London mu 1874. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo chimene chimawagwira mtima pankhaniyi ndi anthu osenza malirowo, kuti anadya chiyani m'njira, anadutsa bwanji mitsinje. Za mafumu adzazipezanso momwemo, mpando wakale umene amalongerapo ufumu uli chapafupi ndi khomo la kumadzulo. Lamlungu musapite kukaona malo, ndi tsiku la mapemphero okha.

Malume Ben:
Ine ndisiyane nanu pang'ono aphunzitsi. Kwa mwana wa zaka 9 wokonda mafumu, ndalama yolipira pakhomo ndingaiike ku Tower of London. Nsanja yapakati inayambidwa ndi mfumu William the Conqueror m'zaka za m'ma 1070, m'lingamo muli zisoti zachifumu, muli akhwangwala omwe amati akadzachoka ufumu udzagwa, ndipo alonda ovala zachikale aja amafotokoza nkhani mokoma. Kungoti amakambanso za anthu odulidwa mitu, inu mukumudziwa mwana wanu.

British Museum ndi yaulere koma ndi yaikulu zedi, mphindi zochepa mwana wafooka. Mukapita sankhani zinthu ziwiri basi. Mwala wa Rosetta, umene unapezeka mu 1799 ndipo unathandiza katswiri wa ku France, Champollion, kuwerenga zolemba zakale za ku Egypt mu 1822, muuzeni apeze yekha pamene mitundu itatu ya zilembo ikusiyanirana. Kenaka kumtunda kuli mitembo youmika. Akakufunsani kuti zinthu za ku Africa zinafika bwanji kumeneko, muyankheni zoona. Zamkuwa za ku Benin, mzinda wa ku Nigeria ya lero, anazilanda asilikali a Britain mu 1897, ndipo Nigeria ikuzifunabe.

Mayi a Tadala:
Zikomo nonse, mwandimasula. Ndakambirana ndi bambo ake, avomera kuti tizipita malo amodzi patsiku, ndipo tiyambira kwa namgumi. Aphunzitsi, nkhani ya Susi ndi Chuma ndamufotokozera Tadala usiku wathawu, ndipo wafunsa ngati mayina awo alembedwa pamwalapo. Akufuna akadziwerengere yekha, choncho ku Abbey tipita ndithu. Za mitembo youmika ndiye ndikuchita nazo mantha, chifukwa mwanayu sachedwa kulota zoopsa. Malume Ben, kodi nkotheka kuona mwala wa Rosetta osadutsa m'zipinda zimenezo?

Malume Ben:
Nkotheka mayi. Mwalawo uli pansi, mu Room 4, pamodzi ndi ziboliboli zikuluzikulu za ku Egypt. Mitembo ili pamwamba, simungaifike osakwera masitepe.