Ngozi za pa ntchito zikugonetsa mudzi wonse m'sewero langa

Mzati: Anzanga pa ntchito, ndikupempha nzeru. Ndikupanga sewero la pa kompyuta limene wosewera amamanga mudzi m'dziko la matsenga, ndipo nzika zake zimakumba miyala mu mgodi, kudula mitengo ndi kusula zitsulo. Sabata yatha ndinaikamo ngozi za pa ntchito motere: ntchito iliyonse ikatha pulogalamu imachita maere, ndipo ntchito imodzi pa 100 imathera m'kuvulala. Onse oyesa seweroli akudandaula kuti pofika tsiku lachisanu theka la mudzi limakhala lili chigonere, wosula zitsulo atathyoka mkono, nkhwangwa zitabuntha popanda wozinola, ndipo wosewera amangoona anthu ake akufa ndi njala osadziwa pamene walakwitsa. Kuzichotsa ngozizi sindikufuna, chifukwa zikachoka mgodi sukhalanso malo oti munthu aziopa.

Chiwerengero: A Mzati, tiyambe ndi masamu. Ngati muli ndi nzika 30 ndipo iliyonse imamaliza ntchito 20 pa tsiku, ndiye kuti maere akuchitika ka 600 pa tsiku, zimene zikupereka ovulala pafupifupi 6 tsiku lililonse. Choipa china n'chakuti wantchito waluso, amene amamaliza ntchito mwachangu, ndi amene akuvulala kawirikawiri, pamene zimayenera kukhala mosiyana. Lekani kuwerenga ntchito zomalizidwa, muziwerenga nthawi imene munthu wakhala pa ntchito yoopsa. RimWorld, sewero lina la pa kompyuta lomanga mudzi, imagwiritsa ntchito MTB (mean time between) pa zochitika zambiri, kutanthauza nthawi imene imadutsa, mwa avereji, pakati pa chochitika chimodzi ndi chinzake. Mukasankha MTB ya ntchito iliyonse, mwayi wa ngozi pa kanthawi t ndi 1 − e^(−t/MTB) (e ndi nambala ya masamu, pafupifupi 2.718), ndipo liwiro la wantchito silimusandutsanso wotsogola pa kuvulala.

Nyali ya Mgodi: Zimene anena a Chiwerengero n'zoona, koma ine ndikuona kuti ngakhale mutachepetsa ngozi kakhumi, dandaulo la oyesa silitha. Iwo akuti sakudziwa pamene alakwitsa, ndipo akunena zoona, chifukwa m'maere mulibe cholakwa chimene munthu angakonze. Mu RimWorld denga limagwa likakhala kutali ndi khoma kapena mzati kupitirira mabokosi 6 a pa mapu a sewerolo, ndipo mu Dwarf Fortress ya Tarn ndi Zach Adams, imene inatuluka koyamba mu 2006, thanthwe limagwa wosewera akakumba zonse zimene zinaligwira. M'masewera awiriwa munthu akaphwanyidwa, wosewera amadziimba yekha mlandu, kenaka n'kuphunzira kusiya mizati.

Choncho ngozi iliyonse ikhale ndi gwero looneka ndi maso. Ine ndingatenge magwero anayi: kutopa, mdima, chida chakutha ndi kuchepa kwa luso. Lililonse lizifupikitsa MTB, ndipo wantchito waluso amene wagona mokwanira, wagwira chida chabwino ndipo akugwira ntchito poyera, asamavulale kwambiri ngakhale kamodzi. Uthenga wa ngozi uzitchula gwero lake, mwachitsanzo kuti wadzitema mwendo chifukwa ankadula mtengo mu mdima.

Chinthu china chimene ndimachikonda kwambiri chikuchokera kwa akatswiri a chitetezo cha pa ntchito. Mu 1931 Herbert Heinrich analemba kuti pa kuvulala kwakukulu kumodzi pamakhala kuvulala kwakung'ono 29 ndi ngozi 300 zosavulaza munthu. Akatswiri ambiri a masiku ano amatsutsa manambalawa, koma kwa ife opanga masewera kaganizidwe kake n'kothandiza kwabasi. Mwala ugwe pafupi ndi wokumba, nyundo ipulumuke m'manja mwa wosula, moto wa pa chipala uwaule chovala. Wosewera akaona zimenezi kangapo n'kuzinyalanyaza, tsiku limene fupa lidzathyoke sadzanena kuti sewero lamubera.

Wosoka Mabala: Ndiwonjezere za kuvulala kwenikweniko. Musamuchotse wovulala pa ntchito zonse. Bala likhale pa chiwalo, ndipo chiwalocho chichepetse zimene munthu angathe: wothyoka mwendo aziyenda pang'onopang'ono ndi ndodo koma azitha kusoka, wopsa dzanja azilephera kusula koma azitha kulondera. Dwarf Fortress imafika mpaka pa khungu, mafuta, minofu ndi fupa, ndipo chipatala chake chimafuna ulusi, nsalu ndi sopo, koma inu simukufunika kuzama chotero. Ziwalo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi n'zokwanira. Musamale ndi matsenga ochiritsa, chifukwa sing'anga akamachiza fupa m'kuphethira kwa diso popanda kulipira kanthu, ntchito yonseyi mwagwira pachabe. Mankhwala ake akhale osowa, kapena iye mwini azifooka masiku angapo akachiza munthu, kuti wosewera azisankha amene ayambe kuchizidwa.

Mzati: Zikomo kwambiri nonse. Ndasintha maere kukhala MTB, ndaikamo magwero anayi aja, ndipo ndalamula kuti kuvulala kwakukulu kusachitike pa malo amene sanaonetsepo chenjezo. Nditayesa ndekha, wokumba wanga anapulumuka kawiri m'ngalande yamdima, ine n'kuzengereza kuikamo nyali, ndipo kachitatu anathyoka phazi. Za wosula zitsulo ndazithetsa pomulola kuphunzitsa wachinyamata ali chikhalire pa mpando, kotero kuti nkhwangwa zikunoledwa ngakhale mkono wake uli womangidwa. Za sing'anga ndasankha kuti azifooka masiku atatu akachiza fupa, ndipo oyesa alandira sewero lokonzedwali mawa m'mawa.