Kodi recall n'kukumbuka kapena n'kuchotsa munthu pampando?

Akuluakulu, ndithandizeni. Mdzukulu wanga wa Fomu 2 anandifunsa tanthauzo la recall. Ine ndinati n'kukumbuka, poti ndi mmene tinaphunzirira. Madzulo ake pawailesi ndikumva kuti anthu akufuna lamulo la recall libwerere kuti azitha kuchotsa phungu. Nanga kukumbuka ndi kuchotsa munthu pampando zikumana pati?

Aphunzitsi opuma: Zikumana ndithu, bambo. Mawuwa ndi ophatikiza: re, kubwereza, ndi call, kuitana. Ndiye n'kuitana chinthu kuti chibwerere. Dzina la mnzanu wa ku pulayimale likakuthawani kenako n'kubwera, mwaliitana komwe linabisala. Boma likaitanitsa kazembe wake kunja, ndi recall yomweyo. Phungu nayenso, amene anamutuma amuitana kuti abwerere kumudzi. Gawo 64 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 linkapereka mphamvu imeneyi kwa ovota, koma aphungu analichotsa mu 1995. Simungadabwe: mbuzi mukaifunsa za chingwe, iyankha kuti chichoke.

Wa ku Johannesburg: Kunoko mawuwa ndi oopsa, aphunzitsi. Chipani cha ANC chinachita recall mapulezidenti awiri a South Africa: Thabo Mbeki mu September 2008, Jacob Zuma mu February 2018. Sanali ovota ayi, chinali chipani chomwe chinawatuma, iwo n'kutula pansi udindo. Ndipo si anthu okha. Mu March 2018 polony inabwezedwa m'masitolo chifukwa cha matenda a listeriosis, nkhani zonse zinkati recall. Ya mufiriji tinangotaya.

Mayi wa ku Dedza: Inu mukuthamangira Chingerezi, koma kwathu mfumu ikasowa khalidwe, mbumba imakhala pansi n'kuivula ufumu. Kuvula, ngati malaya. Amene anakuveka ndi yemwe amakuvula. Koma ine funso langa lili pa kukumbuka komweko. Agogo anga ankati kukumbuka n'kukumba zimene unakwirira mumtima. Kodi mawu awiriwa ndi pachibale, kapena agogo ankangosewera ndi lilime?

Aphunzitsi opuma: Mayi, a Chingerezi amaitana, agogo anu amakumba. Ine ndikukonda za agogowo, poti zina sizibwera ngakhale uitane mpaka kusasa mawu. Zimafuna khasu.

Zikomo nonse. Ndamufotokozera mdzukulu zonsezi, iye wangondiyang'ana n'kufunsa kuti pamayeso alembe liti. Ndamuuza ayambe waona chiganizo chonse, ngati muli phungu asalembe kukumbuka.