Bawuti ya caliper yatha makona, ndiimasule bwanji?

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Corolla ya 2004 ndipo ndikusintha ndekha mapadi akutsogolo pakhomo pano ku Chilenje, chifukwa ndikaponda mabuleki chitsulo chayamba kulira. Mbali ya dalaivala zonse zayenda bwino. Mbali inayo ndi imene yandiimitsa. Bawuti yam'munsi yogwira caliper (chitsulo chija chopanikiza mapadi pa disiki ya mabuleki), ija ya sipanala ya 14 mm, ndaipeza itadyeka kale makona, zikuoneka kuti amene anaimanga komaliza anagwiritsa makina amphepo aja omangira matayala. Sipanala ikungoterereka ndipo mutu wake tsopano wasalala ngati batani la malaya. Mafuta ofewetsa dzimbiri a WD-40 ndapopera, pulayala yokhoma ija ya vise grip ndayesa, ikungopala chitsulo basi.

Galimoto ili pajeke, ndipo Loweruka ndiyenera kupita ndi ana ku Katete. Mnzanga wina akuti ndiitane wowotcherera. Wina akuti ndingobwezera teyala, mbali imeneyo ndidzaione ndikabwerako. Inu amene munakumanapo nazo, munatani?

Makanika wa ku Chawama: Bambo, choyamba siyani vise grip, mukumaliza kamutu kotsalako. Funso langa: soketi yanu ndi ya makona angati mkati? Ija ya makona 12 imagwira pansonga pokha, ndiyo imadya mabawuti otere. Pezani ya makona 6. Popeza mutu wachepa kale, tengani 13 m'malo mwa 14, muikhomere ndi hamala mpaka ikhale pansi penipeni. Pindani chiwongolero kuti caliper ituluke panja, mupeze malo oponyera hamala. Kukhomako kumathandizanso kuswa dzimbiri m'mazinga. Kenako kokani ndi chogwirira chachitali mwapang'onopang'ono, dzanja lina likukanikiza soketi kuti isapendekeke. Soketiyo mwina mudzaitaya, musatenge imene mumaikonda.

Mwini funso: Yanga ndi ya makona 12, amdala. Ya 13 ndili nayo koma ndi yamtundu womwewo.

Makanika wa ku Chawama: Ayi, imeneyo musakhome. Pitani m'tauni m'mashopu a zida, mufunsenso extractor socket. Mkati mwake muli mano opotoka, mukamakoka kumasula ndi pamene amalumanso kwambiri. Chinanso: bawuti imeneyo imalowa mu pini yotsetsereka ija ili ndi labala. Nthawi zina pini imazungulira limodzi ndi bawuti, ndiye igwireni ndi sipanala yopyapyala pamalo ake afulati.

Dalaivala wa minibasi, Matero: Mukutsimikiza kuti mukuzungulira komasula? Sindikuseka ayi. Mitu ya mabawuti amenewo imayang'ana mkati, ku injini, ndiye munthu ukakhala panja pa teyala dzanja limasokonezeka, umamanga uli mkati moganiza kuti ukumasula. Ikani ratchet pomasula musanailowetse kuseriko.

Mayi wa Spacio: Amene akuti mubwezere teyala si mnzanu ameneyo. Mapadi atsopano mbali imodzi, otha mbali ina, galimoto ikhoza kukokera kumbali mukaponda mwadzidzidzi. Ndiye mukatsike nayo mapiri a Manenekela muli ndi ana kumbuyo? Bola mukwere basi ku Intercity.

Wowotcherera wa ku Kalingalinga: Zonsezo zikakanika ntchito ndi yathu. Timaveka nati yaikulu pamutu wathawo, n'kuwotcherera mkati mwa natiyo, ikazizira pang'ono timamasula ndi sipanala wamba. Kutentha komweko kumafewetsa dzimbiri. Koma chotsani kaye waya wa batire wa negative, ndipo waya wa earth wa makina ugwire pafupi ndi bawutiyo, magetsi asadutse mu bearing. Paipi ya labala ya mabuleki ndi waya wa ABS muzikute ndi chiguduli chonyowa. Mungondiuza nthawi imene magetsi amakhalapo kwanuko.

Makanika wa ku Chawama: Moto pa bawuti ya pini ine sindiukonda, akulu. Kalabala kali pomwepo, girizi ali mkati, mafuta a mabuleki ali pafupi. Pa mabawuti aakulu a bracket (chitsulo chimene caliper imakhalapo), aja a 17, ndingavomere. Ndipotu pali njira ina imene sitinaitchule: masulani awiri a 17 amenewo, caliper ituluke pamodzi ndi bracket yake. Ngati disiki yapanga mlomo m'mphepete, bwezani pisitoni pang'ono kuti mapadi adutse. Chikatuluka mumagwira ntchito mukuona, osati kupapasa kuseri. Musachisiye chikulendewera pa paipi ya labala, chimangeni ndi waya ku sipuling'i.

Membala wina: Tchizulo ndi hamala basi. Temani kamphako m'mphepete mwa mutu, muzimenya mopendeka kulowera komasulira. Agogo athu a magalimoto analibe ma extractor.

Dalaivala wa minibasi, Matero: Zoboola ndi drill n'kulowetsa kachitsulo kozulira bawuti ka easy-out zokha musayese. Kachitsulo kameneko n'kolimba koma sikachedwa kuthyoka, ndipo kakathyokera mkati palibe drill wamba imene ingakaboole.

Mwini funso: Zikomo nonse. Mawa m'mawa ndikasaka soketi ya makona 6 ndi extractor, zikakana ndichotsa ndi bracket yomwe. Nanga ikatuluka, ndingagule bawuti iliyonse yofanana kutalika ku hardware?

Makanika wa ku Chawama: Ayi. Ya ku hardware mwina chitsulo chake n'chofewa, mwinanso mazinga sangagwirizane, muononga pini. Tengani yakaleyo m'thumba mukafananize kwa ogulitsa masipeya a Toyota, ngakhale yochotsa pa galimoto yophwasula ili bwino bola mutu ndi mazinga zikhale zamoyo. Pomanga yambani ndi zala. Pa Corolla yanuyo bawuti yaing'onoyo imafuna mphamvu yomangira ya 34 Nm yokha, za bracket 107 Nm, ndiye paipi yowonjezera pa sipanala isafike pa yaing'onoyo. Pini muipukute, muipake girizi wa mabuleki, osati wa ma bearing chifukwa amatupitsa labala. Musanatuluke pageti pondani mabuleki kangapo mpaka alimbe. Ndaonanso mwati galimoto ili pajeke. Jeke yokha? Ikanipo stand, kapena lowetsani teyala mwachotsalo pansi pa galimoto musanayambe kumenya ndi hamala.

Mwini funso: Stand ndilibe, koma teyala ndalowetsa pompano.