Mbumba ya Agogo: za ulendo wa ku Joni uja

Lamlungu, 28 Novembala 2021

[13:42] Amalume a ku Area 25: Mwaswera bwanji nonse. Ndangotuluka m'tchalitchi. Ulendo wathu wa pa 20 Disembala tiuunikenso lero lomwe, chifukwa ndalama zimene tinasonkha zili m'manja mwanga ndipo ndimati mawa ndikalipire matikiti. Nonse mwamva za mtundu watsopano wa kolona umene wapezeka ku South Africa. Aliyense anene maganizo ake ndisanatulutse ndalama za anthu.

[13:49] Amayi: Taswera achimwene. Ine chimvereni pa wailesi Lachisanu kuti kachilomboka akatcha Omicron, tulo sindikutiona.

[13:55] Amalume a ku Joni: Achimwene, achemwali, chonde tisathamange ndi mantha. Kuno anthu akupita ku ntchito, masitolo ndi otsegula, matakisi akuyenda. Chipinda cha amayi tinakonza kale, ndipo nyumba yogona ku Durban ndinalipira theka. Mwana wanga wakwanitsa chaka ndi miyezi inayi agogo ake asanamunyamulepo. Chaka chatha zinakanika. Chaka chinonso?

[14:10] Amayi aang'ono: Ndatuluka kumene mu wodi, mundilole ndilembe zambiri pang'ono. Achimwene, kumene matendawa akukwera mofulumira masiku ano ndi ku Gauteng, chigawo chomwe inuyo mukukhala. Amayi ali ndi zaka 78, ali ndi shuga, ali ndi BP. Anthu otere ndi amene takhala tikuwataya m'zipatala. Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi pobwerera. Popita aliyense ayezetsa PCR pasanathe maola 72, chabwino. Pobwera ayezetsanso kumeneko. Nanga mmodzi akapezeka nako? Sakwera ndege, tikiti yapita, ayenera kubindikira m'nyumba mwanu momwe muli khanda. Ndipo akakhala amayi amene adwala, tidzawagoneka chipatala cha dziko la eni, kulipira ma randi, ife tili kuno osatha kuwaona.

[14:13] Amalume a ku Joni: Kuyezetsa kuno ndi R850 munthu mmodzi. Izo ndinaziwerengera kale, ndilipira ndine.

[14:15] Amayi aang'ono: Ndalama yoyezera si vuto achimwene. Vuto ndi zotsatira zake.

[14:24] Msuweni: Koma azakhali, zambirizi ndi ndale za azungu. Britain yatiyika pa mndandanda wofiira wa mayiko oletsedwa maulendo kuyambira lero, America nayo ikutitsekera mawa, pamene kuno sanalengeze n'komwe kuti Omicron yafika. A Chakwera alemba pa Facebook kuti ziletso zizitsata sayansi osati kusala anthu a mu Africa. Ine ndikugwirizana nawo.

[14:31] Amayi aang'ono: Nanenso ndikugwirizana nawo mwanawe. Madokotala a ku South Africa anachita chilungamo kuulula zimene apeza, m'malo mowathokoza akuwalanga. Koma kulakwa kwa Britain sikuteteza mapapo a agogo ako. Ndiponso taona liwiro lake: analengeza Lachinayi usiku, Lachisanu masana ndege za ku Joni zaleka kutera ku London. Anthu amene anapita kukacheza atsakamira pa bwalo la ndege ndi zikwama. Lamulo lingasinthe inu muli pa gombe ku Durban.

[14:33] Amalume a ku Area 25: Iwe, nkhani ya basi ija uiiwale. Unkati achinyamata mudzere pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Masiku awiri m'basi yotseka mawindo, anthu odzaza, zipata za mayiko atatu, chilichonse ndi malamulo ake. Ukumbuke 2020 mabasi ochokera ku Joni atafika pa Mwanza, anthu kuwatsekera pa Kamuzu Stadium mpaka kuthawa. Imeneyo ndakana ine monga bambo ako.

[14:34] Msuweni: Ndamva ababa.

[15:02] Amayi: Ndakhala ndikulemba n'kufufuta. Abale anga, Januwale si kale. Sabata imene anamwalira a Belekanyama ndi a Sidik Mia, nduna ziwiri tsiku limodzi pa 12, ndi sabata imene bambo a ana anga anayamba kubanika. Munali nane achimwene, tikuzungulira tauni yonse kusaka silinda ya okosijeni. Mpaka boma linasandutsa bwalo la Bingu kukhala chipatala chifukwa malo anatha. Mwamuna wanga ndinamusiya pa khomo la wodi akundiuza kuti ndikatseke khola la nkhuku, sindinamuonenso nkhope. Sitinagone pa siwa, sitinasambitse thupi, bokosi linachoka ku chipatala kulunjika ku manda. Ine sindingathe kuona amayi akupita m'njira imeneyo, makamaka kutali kumene sindingafike n'komwe pa khomo la wodi.

[15:09] Amalume a ku Joni: Pepani achemwali. Maliro a alamu sindinabwere, ndipo chimenecho chimandipweteka mpaka lero. N'chifukwa chake ndikulimbikira. Ndikuopa kuti tsiku lina ndidzalandira foni ya amayi ngati ija, mwana wanga asanawadziwe. Sindikufuna kuwaika pa moto ayi.

[15:11] Amayi: Ndikudziwa mlongo wanga. Palibe akukuimba mlandu.

[15:30] Ine: Ndili kuno ku Likuni ndi agogo. Amayi aang'ono anandituma ndione khadi lawo la katemera. Ndalipeza m'Baibulo. Palembedwa kamodzi kokha, AstraZeneca, mwezi wa Epulo. Malo a katemera wachiwiri alibe kanthu.

[15:32] Amayi aang'ono: Mayo ine. Ndimayesa anabaya!

[15:35] Ine: Akuti anapita mu Juni anawabweza kuti katemera watha, ndiye sanapitenso. Ankadikira kuti wina awauze.

[15:38] Amayi aang'ono: Inde mu Juni anatha dziko lonse, koma anabweranso kalekale. Ili ndi vuto langa, ndimabaya anthu ena tsiku ndi tsiku mayi anga ndisanawafunse. Tinali pafupi kuwakweza ndege ndi katemera watheka. Ngakhale atabaya mawa, thupi limafuna masabata awiri kuti chitetezo chikhwime.

[15:52] Ine: Ndawawerengera agogo zonse. Akuti ndilembe momwe akunenera. Akuti: "Ana anga, musakangane chifukwa cha ine. Nyanja ya mchereyo ndinkafuna kuiona, koma siphwa, idzandidikira. Chimene sichidikira ndi mwana, akukula. Ine za ndege ndilibe nazo khumbo kwenikweni, ndinavomera chifukwa cha mdzukulu wangayo. Ngati njira yaipa kwa nkhalamba, kodi yaipanso kwa anyamata? Abwere naye kuno adzadye nsima ya m'nyumba mwanga."

[15:58] Amalume a ku Area 25: Mwawamva eni ake.

[16:07] Amayi aang'ono: Zimenezo n'zopepukirapo, ngakhale chiopsezo sichikutheratu. Achimwene ndi alamu ndi achinyamata ndipo onse anabaya. Koma mukabwera musatsike pa bwalo la ndege la Kamuzu n'kulunjika ku Likuni. Kachilomboka kamatha kubisala masiku angapo munthu atayezetsa bwinobwino. Mukhale kaye kwa achimwene ku 25, tikuyezeninso, kenako mukaone amayi. Kucheza kwake pakhonde kapena pansi pa mango paja, osati kudzazana m'chipinda.

[16:10] Amalume a ku Area 25: Kanyumba ka kuseri kali chabe, tikapaka laimu sabata ino.

[16:21] Amalume a ku Joni: Tchuthi changa ndi masabata atatu okha. Ndikatsakamira kumeneko ntchito ingathe, ndipo ndi ntchito yomweyi imene imagula mankhwala a shuga a amayi. Mundipatse masiku ndilankhule ndi abwana komanso mayi a mwana. Usiku uno a Ramaphosa alankhula ku mtundu, timve kaye.

[20:47] Amalume a ku Joni: Alankhula. Sanatseke dziko, tikhalabe pa level 1, gawo lofewa kwambiri la ziletso za kolona, koma akuti anthu abayitse katemera ndipo adzudzula mayiko amene atitsekera. Mayi a mwana akuti iwo ali okonzeka kubwera. Za ku Durban ndiyesa kupempha kuti andisungire tsiku lina.

[20:55] Amalume a ku Area 25: Zikomo. Ndiye mawa sindilipira tikiti iliyonse. Ndalama zikhala momwe zilili mpaka pa 10 Disembala, tione mmene zinthu zikuyendera uko ndi kuno. Mukatsimikiza zobwera, ndikupempha mbumba ivomere kuti gawo lina lithandize matikiti anu atatu. Amene sakugwirizana nazo anene pano, osati kumbali.

[20:57] Amayi: Ndavomera. Gawo langa lipite konko.

[21:03] Amayi aang'ono: Nanenso. Mawa 7 koloko ndikufuna amayi akhale pa mzere wa katemera. Iwe wa achimwene, nawenso sunabaye, ndikudziwa. Johnson & Johnson alipo, ndi kamodzi kokha. Ubwere ndi galimoto ya bambo ako uwatenge agogo, mukabayire limodzi.

[21:06] Msuweni: Ndifika 6:30 azakhali. Mafuta alimo ochepa koma afika.

[21:08] Ine: Khadi ndaliika m'chikwama chawo chakuda pamodzi ndi buku la kuchipatala. Akufunsa ngati adye kaye phala asanamwe mankhwala a shuga, kapena apite osadya.

[21:09] Amayi aang'ono: Adye, amwe mankhwala monga mwa masiku onse. Uwatengerenso botolo la madzi ndi masiki yatsopano, ija ya nsalu yatha.