Mazira ndi usipa zingafulumizitse mtsempha wodukawu?

Telala_waNdirande:
Abale, ndigawireni nzeru. Mu Epulo lata lidandicheka mkono wamanja, mmunsi pang'ono mwa chigongono, tikufolera nyumba ya achimwene. Kuchipatala adasoka bala, adasokanso mtsempha womwe amati ulnar (osati wa magazi, uja woyendetsa mauthenga). Bala lidapola kalekale, koma kachala kakumapeto ndi kotsatana nako tidakali dzanzi, mwezi wachinayi uno. Sizasi ikundipulumuka, dzulo chitenje cha kasitomala ndachidula mokhota.

A dokotala adati mtsempha umaphuka milimita imodzi pa tsiku. Imodzi! Tepi yanga ikuti kuchoka pa chipsera kufika kunsonga kwa chala ndi masentimita 32. Mwana wanga wa Fomu 4 akuti mitsempha imamangidwa ndi mapuloteni, ndiye mayi akunyumba andiyambitsa mazira ndi usipa tsiku ndi tsiku. Zithandiza, kapena tikungotha ndalama?

Wakabaza77:
Pepani a telala. Ine ndidathyoka fupa la mkono pa njinga yamoto, dzanja n'kumangolendewera ngati lakufa. Lidadzuka lokha patatha miyezi inayi, koma wanga mtsempha udangofinyika, sudaduke. Mafizo okha musamajombe.

MphunzitsiWaBayo:
Bambo, mwana wanu sakunama, koma mazira a m'mbale sapita ku mtsempha ali choncho. Thupi limawaphwanya kaye, kenako selo lililonse limadzipangira mapuloteni ake. Ngati mukudya mokwanira, kuwonjezera sikusintha liwiro.

Vuto ndi mtunda. Selo la mtsempha wanuwo mutu wake uli ku msana, cha m'munsi mwa khosi, ndipo lili ndi ulusi umodzi wautali wofika ku chala. Lata litadula ulusiwo, chigawo chakumunsi chidafa m'masiku ochepa. Izi adaziona koyamba Augustus Waller mu 1850 pa achule. Maselo a Schwann, amene amakuta ulusi ngati pulasitiki wa pa waya wa magetsi, amathandiza kusesa zofazo n'kundanda m'mizere kuti ulusi watsopano udziwe kolowera. A dokotala adasoka chikuto chakunja cha mtsempha chokha, kuti mizereyo iyang'anizane. Ulusi weniweniwo uyenera kumera wokha kuchoka pa chipsera.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi. Kale ankaphunzitsa kuti mapuloteni onse amapangidwa kumutu kwa selo n'kutumizidwa. Pano zadziwika kuti mu ulusi momwemo muli ma ribosome (timakina topangira mapuloteni) ndi mRNA (malangizo a kapangidwe kake), ndiye pamalo povulala pamayamba kupangidwa mapuloteni nthawi yomweyo. Ena mwa iwo, monga importin beta, ntchito yawo ndi kunyamula uthenga kubwerera ku msana kukanena kuti kuno kwaduka. Gulu la Mike Fainzilber ku Weizmann Institute, Israel, lidaonetsa zimenezi mu 2003. Uthenga ukafika, selo limatupa, limachepetsa ntchito zake zamasiku onse n'kuyamba kupanga zomangira: mapuloteni otchedwa tubulin, actin ndi GAP-43. Koma tubulin ndi actin zimayenda mochedwa mu ulusimo, mamilimita ochepa pa tsiku, ngati ngolo ya njerwa. Zonyamulidwa m'timatumba ting'onoting'ono ndi zomwe zimathamanga mpaka mamilimita 400 pa tsiku.

Masentimita 32 anuwo ndi miyezi 10 kapena 11, kuphatikiza milungu ingapo yoyambirira imene mtsempha umachedwa kuwoloka posokedwa. Minofu ya m'dzanja ili pafupiko kusiyana ndi nsonga ya chala, ndipo ndi bwino choncho, chifukwa mnofu ukakhala wopanda mtsempha kupitirira chaka kapena chaka ndi theka umafota osabwereranso bwino. Fodya, kachasu ndi shuga wosasamalidwa ndiye adani enieni.

Telala_waNdirande:
Zikomo aphunzitsi. Nanga ndikagogoda pakati pa mkono ndimamva ngati shoko mpaka ku kachala, ndiye kuti paonongekanso?

NamwinoKuLeeds:
Ayi achimwene, kumeneko ndi kumene nsonga zatsopano zafika. Madokotala amati Tinel sign. Gogodani kuyambira pa chikhatho kukwera m'mwamba, pomwe muyambe kumva shoko lembanipo ndi cholembera, muyeze ndi tepi yanuyo kuchoka pa chipsera. Mwezi wamawa payenera kukhala patatsika masentimita awiri kapena atatu. Pakangokhala pamodzimodzi miyezi iwiri, bwererani kuchipatala musadikire tsiku lomwe adakulemberani.

Komanso simbi ya makala ija, muzisitira ndi dzanja lamanzere. Kachala kadzanzi kamapsa mwiniwake osadziwa.