Danga lachitatu likugwera pansi pa Chrome ndi Firefox

A Mwale: Anzanga, ndikupempha nzeru. Ndakonza tsamba la pa intaneti la madanga atatu oyandikana pogwiritsa ntchito display: flex ndi flex-wrap: wrap za mu CSS, chilankhulo chokonzera maonekedwe a tsamba. Danga lililonse ndalipatsa width: 33.33%, ndipo mpata wa pakati ndauika pa gap: 24px. Pa Chrome ndi Firefox danga lachitatu likugwera pansi pa anzake, koma pa iPad yakale ya mwini tsambali onse atatu ali pamzere umodzi, kungoti akukhudzana popanda mpata. Iwo akuti Chrome ndiye ili ndi vuto.

A Chirwa: Kodi mwaonapo box-sizing? Ngati simunaike border-box, padding ndi border zimawonjezera m'lifupi mwa danga lililonse, ndipo atatuwo sangakwane pamzere.

A Mwale: Zikomo a Chirwa, koma border-box ndinaika pa zinthu zonse kuyambira pachiyambi.

Mayi Tembo: A Mwale, Chrome ndi Firefox zikuchita ndendende zimene mwaziuza. Tiyerekeze kuti malo amene madangawo akukhalamo ndi 1200px m'lifupi: danga lililonse likutenga pafupifupi 400px, kutanthauza kuti atatuwo adzaza kale malo onse, ndiye mipata iwiri ya 24px ikufuna 48px ina imene palibe poitenga. Popeza mwalola wrap, lachitatulo likutsikira pansi. iPad ija ikuoneka ngati yakhoza chifukwa chakuti Safari, pulogalamu yotsegulira masamba pa iPad, inayamba kumva gap m'kati mwa flex mu 2021, pa Safari 14.1 ya pa kompyuta ndi iOS 14.5, choncho yakaleyo ikungodumpha lamulo la gap lija. N'chifukwa chake madanga akukhudzana.

Musadalirenso @supports (gap: 24px) kuti ikuuzeni zoona pa nkhaniyi, chifukwa Safari yakale imavomera kuti gap imaidziwa, pamene imaidziwa pa grid pokha, yomwe ndi njira ina yoyalira madanga. Ine ndikanasiya flex apa n'kulemba display: grid ndi grid-template-columns: repeat(3, 1fr), kenako n'kuchotsa width ija, pakuti grid imayamba yachotsa mipata isanagawe malo otsalawo.

A Mwale: Ndasintha monga mwanenera, ndipo madanga onse abwerera pamzere ngakhale pa iPad ija. Chatsala n'chakuti danga lapakati lakula kuposa enawo pa tsamba limodzi lokha, pamene pali adiresi yaitali ya pa intaneti yopanda poduka.

Mayi Tembo: Zimenezo zimachitika chifukwa 1fr salola danga kuchepa kuposa chinthu chosaduka chimene chili m'kati mwake, kaya ndi adiresi, chithunzi kapena tebulo. Lembani repeat(3, minmax(0, 1fr)), ndipo pa mawuwo muike overflow-wrap: break-word kuti adiresiyo iduke ikafika m'mphepete.

A Chirwa: Muikenso max-width: 100% pa zithunzi, apo ayi chithunzi chachikulu chidzasefukira m'danga loyandikana nalo tsopano popeza madanga sakufutukukanso.

A Mwale: Zonse ziwiri ndaika, ndipo madanga atatu afanana pa Chrome, Firefox ndi Safari yakale ija.